William Koyi ndi Theka la Talente

Mu 1876 Dr James Stewart anafunsa ophunzira a pa Lovedale, ku South Africa, ngati analipo wofuna kukagwira ntchito ya mishoni ku Nyanja. Anasankhidwa anayi: William Koyi, Shadrach Mngunana, Mapassa Ntintili ndi Isaac Wauchope. Koyi sukulu anaiyamba ali wamkulu kale, atagwirapo ntchito yoyendetsa ngolo. Akuti mwiniwake ankadziyesa munthu wa theka la talente, woyenera kutema nkhuni ndi kutunga madzi basi.

Ulendowo sunawakomere onse. Wauchope anadwala nabwerera kwawo. Mngunana anamwalira mu 1877. Koma taonani zimene zinachitika Koyi atakwera kumapiri kwa Angoni. Anthuwa anachokera kumwera komweko, naoloka Zambezi mu 1835, ndipo Chingoni chawo chinali pachibale ndi Chixhosa cha Koyi. Chinenero chimene kwawo ankalankhula ngakhale kamwana koŵeta ng'ombe, kuno chinam'tsegulira bwalo la Inkosi M'mbelwa. Dr Robert Laws, ndi maphunziro ake onse aja, pabwalopo ankamvera m'kamwa mwa woyendetsa ngolo. Mabuku athu amam'patsa Laws mitu yathunthu, Koyi ndime imodzi. Ine ndimaona ngati kumeneku ndi kubera.

Mu 1882 Koyi anakhazikika pa Njuyu, nadikira zaka zinayi kuti mafumu alole sukulu. Chilolezo chinabwera mu 1886 iye ali gone ndi matenda, ndipo anamwalira chaka chomwecho.

Nkhaniyi ndinaiŵerenga teremu yanga yoyamba pano pakoleji, nthaŵi imene ndinali nditaleka kupemphera. Kwathu ndi kuchigwa, ku Nsanje. Pemphero limandibwerera m'Chisena, ndipo tsiku lina pamapemphero a usiku anzanga ena anaseka katchulidwe kanga. Ndinatseka pakamwa miyezi itatu.

Loŵeruka lina mnzanga anandikoka kuti tikazonde odwala kuchipatala. Pakona panagona agogo ena amene aliyense ankangowalonjera n'kudutsa, poti Chichewa sankachimva bwino. Nditamva mmene ankabuulira ndinadziŵa kwawo. Ndinagwada, ndinawalonjera m'chinenero chathu, iwo n'kundigwira dzanja osafuna kulisiya. Anandifunsa ngati madzi a Shire anali atatsika, kenaka anati ndiwapempherere. Mawu anatuluka monjenjemera, koma anatuluka. Loŵeruka lotsatira ndinapita ndekha.