Mphuno ndi mano: galu wantchito m'mbali mwa Mulunguzi

Ena amati Mmalawi ndi galu sadamwerane madzi, kuti kwa ife galu ngwoponyera mwala basi. Ukaona momwe ana amabalalikira galu wapolisi akatsika m'galimoto ungavomereze, koma mbiri ya Zomba ikusonyeza kuti mantha amenewa tidachita kuphunzitsidwa. Atsamunda asanakhazike likulu lawo m'tsinde mwa phiri la Zomba mu 1891, anthu a m'midzi yozungulira ankasaka ndi agalu. Pa uzimba, mlenje ankadalira mphuno ya galu kuti ivumbulutse gwape, kalulu kapena nguluwe pomwe zabisala, ndipo nyama ikagwa galuyo ankalandirako matumbo. Mwambi woti galu wamkota sakandira pachabe udachokera kwa anthu amene adaona galu akugwira ntchito, namukhulupirira.

Zidasintha boma litatseka tchire. Mu 1913 phiri la Zomba lidasanduka nkhalango yotetezedwa, ndipo malamulo a zinyama adayamba kumanga manja alenje achikuda, mpaka munthu wopezeka ndi nthungo ndi agalu m'thengo adayamba kuonedwa ngati wakuba. Nthawi yomweyo, m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi munkamangidwa nyumba za akuluakulu a boma, ndipo kuseri kwa mipanda yake kudabwera galu wina, wonenepa, wa ntchito youwa aliyense wosaitanidwa. Wophika, wosesa pabwalo ndi mayi wogulitsa nkhuni adakumana ndi galuyu pachipata. Apolisi a Nyasaland, amene adakhazikitsidwa mu 1921 likulu lawo lili ku Zomba komweko, anthu wamba adawadziwira pa msonkho ndi unyolo, choncho chilichonse choyenda pambali pa yunifolomu chidatengera fungo lomwelo. Nawo amuna obwerera ku Joni adabwera ndi nkhani za agalu amene apolisi a tsankho ankawakhwirizira pa khamu la anthu akuda.

Chodabwitsa n'chakuti ku South Africa komweko galu wapolisi adayamba ngati wolondola mapazi. Mu 1920, pa mlandu wa Trupedo, bwalo lalikulu la apilo lidakana kuti zochita za galu wonunkhiza zikhale umboni womangira munthu, pakuti galu sangafunsidwe mafunso. Chigamulochi chidaika mphuno pamalo pake: imalozera wapolisi kokafufuza, umboni aupeze yekha.

Wina atsutsa kuti anthu saopa mbiri, amaopa chiwewe. Apa pali choonadi chachikulu, pakuti amene adaona mwana akufa ndi nthendayi sangasisite galu wachilendo. Koma mantha amenewo ali ndi mankhwala. Bungwe la Mission Rabies lidayamba kubaya agalu katemera ku Blantyre mu 2015, kenaka ntchitoyo idafika ku Zomba, ndipo cholinga chake ndi kutemera agalu 70 mwa 100 alionse, chiwerengero chimene chimadula kufala kwa nthendayi. Ambiri amene amakokera agalu kumalo obayira ndi ana asukulu, ena atawamanga ndi luzi, ena atawanyamula m'manja. Anthu odana ndi galu mwachibadwa sakadachita zimenezo. Wina anenanso kuti mbava zachuluka, galu wolusa ndiye mlonda weniweni. Pakhomo mwina n'zoona, ngakhale wolumidwa nthawi zambiri amakhala mlendo kapena mwana wa mnansi. Koma ku polisi, phindu looneka labwera ndi mphuno. Kuyambira mu 2018, apolisi, nthambi ya zinyama zakutchire ndi Lilongwe Wildlife Trust ali ndi agalu onunkhiza katundu pa bwalo la ndege la Kamuzu, kufunafuna minyanga ya njovu, nyanga za chipembere ndi mamba a ngaka. Imeneyo ndi ntchito ya galu wa uzimba, kungoti tsopano akusaka wozembetsa nyama.

Kunja kuli agalu otsogolera osaona ndi ena otonthoza odwala m'zipatala. Ku Zomba, komwe kuli chipatala chachikulu cha odwala maganizo, nzeruyi ingamveke yachilendo, ndipo ndi bwino isathamangiridwe. Wodwala amene adakula akudziwa galu wa pachipata cha bwana ayamba wafunafuna khomo lothawira, pokhapokha atamuona kaye galuyo ali phee m'manja mwa mwana pamzere wa katemera.