Mbiri ya Penti wa Galimoto, Kayezedwe ndi Kasungidwe Kake

Ntchito yopenta galimoto inachokera kwa amisiri opaka ngolo zokokedwa ndi akavalo. Magalimoto oyamba atatuluka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, amisiri omwewa, ku Ulaya ndi ku America, ndiwo anapatsidwa mabodi kuti awakongoletse, ndipo anatenga zida zomwe anazolowera: burashi, utoto wa ufa, mafuta a mbewu ya linseed ndi vanishi. Ankapaka, n'kudikira kuti paume, n'kukwecha, n'kupakanso, mpaka bodi imodzi kudya milungu itatu kapena kuposa. Masiku amenewo kuyeza penti sikunali mutu waukulu. Mmisiri ankasakaniza wongokwanira tsikulo, ndipo burashi sitaya zambiri. Ufa ndi mafuta zinkakhala padera pa shelefu. Penti wosakaniza kale anayamba kudalirika chitapezeka chitini chotsekekanso bwino, chomwe kampani ya Sherwin-Williams inalembetsa mu 1877.

Kuchedwa kuuma kunasanduka vuto lenileni pamene Henry Ford anakhazikitsa mzere woyenda wolumikizira magalimoto mu 1913. Galimoto inkatha kulumikizidwa tsiku lomwelo, koma penti ankafuna masiku. Kuyambira 1914 mpaka 1925 galimoto yake ya Model T inkatuluka yakuda yokhayokha. Zitsulo monga madigadi zinkaviikidwa mu penti wakuda wokhala ndi phula n'kuwotchedwa mu uvuni, pomwe bodi inkathiridwa penti ndi mipaipi, wotsikira pansi n'kumawakhidwa, kusefedwa ndi kubwezeredwa m'thanki. Mu 1925 Ford anatulutsa Model T yokhala ndi bokosi la katundu kumbuyo lopangiratu kufakitale, pa mtengo wa madola 281, ndipo ambiri amaiwerengera ngati chiyambi cha pikapu yomwe ikudziwika lero.

Kusintha kwakukulu kunachokera ku kampani ya DuPont, yomwe nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha inkafunafuna ntchito ina ya nitrocellulose, mankhwala opangira wonga. Malingana ndi mbiri ya kampaniyi, mgolo wina wa mankhwalawa unasiyidwa pa kutentha kwa masiku angapo pa fakitale ya ku Parlin, ku New Jersey, ndipo atautsegula anapeza kuti phala lomwe linali lolimba lasungunuka, moti linkatheka kupopera. Umu ndi momwe anabadwira penti wa Duco. Charles Kettering wa ku General Motors anamulimbikira, ndipo magalimoto a Oakland a 1924 anatuluka obiriwira ngati thambo. Ntchito ya milungu inatsikira pa maola owerengeka.

Duco ankauma msanga kwambiri moti burashi sinkamutha. Chida chake chinali mfuti yopopera, yomwe Thomas DeVilbiss anaikonza mu 1907 potengera kachipangizo ka bambo ake, dokotala wa ku Toledo, kopoperera mankhwala pakhosi. Apa ndi pomwe kuyeza kunayambira kukhala luso. Mfuti yakale imaponya penti ndi mpweya wamphamvu, ndipo yemwe amafika pa chitsulo nthawi zambiri sapitirira gawo limodzi mwa magawo atatu. Wotsalayo amauluka ngati nkhungu. Komanso penti wa mtundu uwu, yemwe amisiri amangomutcha selulozi, amasungunulidwa ndi thina wochuluka, ndipo thinayo akauluka pamatsala kakhungu kopyapyala, kofuna kubwerezedwa kangapo kenako kupukutidwa kuti kawale. Ubwino wake unali m'chitini. Selulozi amauma chifukwa thina wauluka basi, choncho akalimba amasungunukanso ndi thina yemweyo, ndipo wotsala amadikira zaka ngati chivindikiro chili chothina.

M'zaka za m'ma 1930 kunabwera inamelo wa alkyd, wowala yekha popanda kupukuta komanso wophimba ndi maulendo ochepa. Iyeyu amauma pogwirana ndi mpweya, ndipo akagwirana sabwereranso. Nchifukwa chake chitini chotsala theka chimachita chikopa pamwamba. Amisiri anaphunzira kuthira wotsala m'kachitini kakang'ono kuti mpweya uchepe, kupukuta milomo ya chitini asanatseke, ndi kuchisunga chozondotsa kuti chikopa chikapangika chikhale pansi potsegula. M'zaka za m'ma 1950 penti wa akiriliki analowa m'mafakitale, ndipo mitundu yonyezimira ya tizidutswa ta aluminiyamu inafala. Tizidutswati timadikha pansi pa chitini, moti wosatakasa bwino amapenta chitseko chosiyana mtundu ndi boneti ngakhale penti achokere m'chitini chimodzi.

Penti wa magawo awiri, wotchedwa 2K, anafala m'magalaja m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, pamodzi ndi kachitidwe kopopera mtundu pansi ndi kiliya, penti wopanda mtundu, pamwamba. Penti wa 2K sauma popanda mankhwala omuumitsa otchedwa hadena, ndipo awiriwa akakumana nthawi imayamba kuwerengedwa. Pakatha maola ochepa wosakanizayo amagwirana ngati mphira, kaya ali pa galimoto, m'kapu kapena m'kati mwa mfuti. Ndi wolimba kuposa onse am'mbuyomo, sachita mantha ndi petulo kapena dzuwa, koma sakhululuka. Wosakaniza wambiri wataya ndalama, wosakaniza wochepa aima pakati pa bodi. Hadenayo ali ndi mankhwala a isocyanate omwe amawononga mapapo ndi kuyambitsa mphumu, ndipo n'zomvetsa chisoni kuona mnyamata akupopera pentiyu atangomanga kansalu kumphuno, poti kansalu sikatchinga chilichonse. Mfuti nazo zinasintha chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, malamulo a ku California atafuna kuti magawo 65 pa 100 aliwonse a penti azifika pa chitsulo. Mfuti za HVLP, za mpweya wambiri koma wosathamanga, zinafala chifukwa cha lamulo limeneli.

Mbiri yonseyi imakumana pa pikapu yakale ya kuno kwathu. Toyota Hilux, yomwe inayamba kupangidwa ku Japan mu 1968, ndi Nissan 1400, yomwe inkapangidwa ku South Africa mpaka 2008, zasenza fodya, chimanga ndi anthu a matola kwa zaka zambiri, ndipo zina zapentedwa katatu kapena kanayi. M'magalaja a ku Ndirande kapena ku Biwi galimoto imodzi imatha kukhala ndi penti wa kufakitale pansi, inamelo pakati ndi selulozi pamwamba. Mibadwo imeneyi simvana nthawi zonse. Thina waukali wa selulozi akagwera pa inamelo amamukwinyitsa ngati khungu lopsa, nchifukwa chake mmisiri wodziwa amayamba wapukuta pobisika ndi kansalu konyowa ndi thina kuti adziwe chomwe chili pansi.

Kawerengedwe ka kuchuluka kwa penti n'kosavuta kuposa momwe ambiri amaganizira. Lita imodzi itayalidwa mopyapyala maikuloni imodzi, lomwe ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita, ingakute masikweya mita 1,000. Ngati penti wosakaniza kale ali ndi zolimba zokwana magawo 40 pa 100, ndipo pakufunika khungu la mamaikuloni 50, lita ikuta masikweya mita 8. Theka likauluka ndi mphepo, atsala 4. Pikapu yomwe kunja kwake ndi m'kati mwa bokosi zikukwana masikweya mita 20 idzafuna malita 5 osakaniza, kutanthauza malita 3 a penti, lita imodzi ndi theka ya hadena ndi thina pafupifupi theka la lita, ngati chitini chikunena magawo awiri pa limodzi. Pulaima, penti woyambira pansi, amawerengedwa payekha. Bokosi la katundu ndi lomwe limanamiza anthu, chifukwa mizere yake yokwera ndi yotsika imakulitsa malo kuposa momwe tepi ikuonetsera. Kusintha mtundu kumawonjezeranso mafelemu a zitseko ndi pansi pa boneti, ndipo wofiira ndi wachikasu saphimba msanga ngati wakuda. Wowerenga mabuku akunja ayenera kusamala ndi mawu oti galoni, poti ya ku America ndi malita 3.785 pomwe ya ku Britain ndi malita 4.546.

Mwambo wa amisiri akale wogula penti yense nthawi imodzi ndi kuthira zitini zonse m'ndowa imodzi asanayambe udakali wothandiza, chifukwa zitini ziwiri zosakanizidwa masiku osiyana sizifanana ndendende ngakhale nambala ya mtundu ikhale imodzi. Kutsala ndi theka la lita lokonzera zokalika n'kwanzeru kuposa kubwerera kusitolo bodi ili pakati.

Pa kasungidwe, mabuku a kumaiko ozizira amachenjeza za chisanu, chomwe chimawononga penti wosungunula ndi madzi yemwe mafakitale anayamba kugwiritsa ntchito chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Kuno mdani ndi kutentha ndi chinyezi. Chitini chosiyidwa m'shedi ya malata mwezi wa Okutobala chimataya thina, chimatha kufufuma, ndipo chili pafupi ndi ngozi ya moto ngati pali owotcherera zitsulo. Malo ake ndi pamthunzi, pa thabwa, osati pa simenti yonyowa yomwe imadyetsa chitini dzimbiri, ndipo pachivindikiro palembedwe nambala ya mtundu, tsiku ndi muyezo wosakanizira. Penti wosathiridwa hadena amakhala zaka zingapo akatsekedwa bwino. Hadena wotsegulidwa amayamwa chinyezi cha mumpweya n'kuyamba kuchita mbuu kapena kulimba pakangopita miyezi yochepa, makamaka nyengo ya dzinja, choncho ndi woyenera kugulidwa pomaliza, m'chitini chaching'ono, bodi itakwechedwa kale.