Macbeth amene sitinamuphunzire m'kalasi

Anzanga a m'kalabu, makamaka inu amene munalimbana ndi sewero la Macbeth ku sekondale, ndikudziwa kuti ambirife tinangoloweza kuti mkuluyu anaonongeka chifukwa cholakalaka ufumu. Tinalemba mayeso, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma kodi mukudziwa kuti Macbeth analikodi? Anali mfumu ya dziko la Scotland kuyambira mu 1040 mpaka mu 1057, zaka 17 zathunthu. Ndiye mukamuika munthu weniweniyo pambali pa uja wa William Shakespeare, muona zinthu zimene wolembayo anazisintha dala. Zosinthazo n'zimene zandithandiza ine kumvetsa chimene seweroli likunena pa nkhani ya mpando.

Tiyambe ndi munthu weniweniyo. Macbeth ankalamulira chigawo cha Moray, kumpoto kwa Scotland, ndipo banja lakwawo silinali la mtendere ayi. Bambo ake, Findláech, anaphedwa mu 1020 ndi ana a m'bale wawo yemwe. Mmodzi mwa ophawo, Gille Coemgáin, anadzatenthedwa ndi moto mu 1032 pamodzi ndi anthu ake 50. Mkazi amene anamusiya, Gruoch, ndi amene anadzakwatiwa ndi Macbeth. Ameneyu ndiye Lady Macbeth weniweni. Anali wa magazi achifumu, ndipo ku banja latsopanoli anabwera ndi mwana wamwamuna, dzina lake Lulach.

Masiku amenewo ufumu wa Scotland sunkangochoka kwa bambo n'kupita kwa mwana wachisamba. Unkazungulira m'nthambi za banja lachifumu, ndipo kawirikawiri mfumu yatsopano inkalowa itapha yakale. Ife amene timaona mmene abale amakanganirana ufumu wa pamudzi sitingadabwe kwenikweni, kungoti kumeneko mlandu wake sunkapita kubwalo, unkathera pa lupanga.

Duncan nayenso sanali nkhalamba yaimvi yoopa Mulungu imene timaiona m'sewero. Analowa ufumu mu 1034 m'malo mwa agogo ake, Malcolm II, adakali ndi mphamvu zake. Anapita kukazinga mzinda wa Durham ku England koma anabwerako atagonja. Mu Ogasiti 1040 analowa ndi asilikali ake m'dera la Moray, kwawo kwa Macbeth, ndipo anaphedwa pafupi ndi Elgin. Anafera kunkhondo, osati pabedi.

Nanga Macbeth atakhala pampando anatani? Adani anali nawo, moti mu 1045 bambo ake a Duncan, a Crinan, anafera pankhondo ina m'dzikomo. Koma mu 1050 Macbeth anapita ulendo wachipembedzo ku Rome, ndipo wolemba mbiri wa nthawiyo, Marianus Scotus, analemba kuti kumeneko anagawira osauka ndalama mosaumira. Tangoganizani, kulibe ndege, kulibe foni, ulendo wa miyezi. Mfumu yoopa chithunzithunzi chake chomwe singasiye dziko nthawi yaitali chonchi n'kudzapeza mpando uli bwinobwino. Mu 1054 Siward wa ku Northumbria anabwera ndi gulu lankhondo n'kumugonjetsa, koma Macbeth sanafe. Anadzaphedwa patapita zaka zitatu, mu 1057, ku Lumphanan, polimbana ndi Malcolm mwana wa Duncan.

Tsopano tilumphe zaka pafupifupi 550, tifike ku London cha mu 1606, pamene Shakespeare ankalemba seweroli. Mfumu inali James, yemwe anali kale mfumu ya Scotland ndipo mu 1603 analandiranso ufumu wa England. Chaka chomwecho anatenga gulu la zisudzo la Shakespeare kukhala lake, n'kumatchedwa King's Men. James ankakhulupirira kwambiri za ufiti, mpaka analemba buku la nkhaniyi mu 1597, lotchedwa Daemonologie. Bambo ake anachita kuphedwa iye ali khanda. Ndipo mu Novembala 1605 anthu ena anagwidwa atabisa migolo ya onga pansi pa nyumba ya malamulo kuti amuphulitse. Munthu wotereyu sungamuonetse sewero lonena kuti nthawi zina kupha mfumu kumakhala ndi chifukwa chomveka.

Shakespeare anatenga nkhaniyi m'buku la mbiri la Raphael Holinshed, lomwe linasindikizidwa kachiwiri mu 1587. Ngakhale m'bukumo, Duncan ndi mfumu yofooka, ndipo Macbeth akulamulira bwino zaka khumi asanayambe nkhanza. Shakespeare anachotsa zonsezi. Duncan anamusandutsa munthu wabwino. Zaka zabwino zija anazifufuta, moti ukamaonera umangoona ngati zonse zachitika m'miyezi yochepa. Nkhani yopha mfumu usiku ili mlendo m'nyumba, mkazi akusonkhezera, anaibwereka pa nkhani ina ya m'buku lomwelo, ya Donwald amene anapha mfumu Duff.

Kusangalatsa James kunalipo, sindikukana. Koma ine ndikuona kuti panalinso china. Pochotsa zifukwa zonse zomveka, Shakespeare anamusiya Macbeth wopanda pobisala. Alibe mlandu ndi Duncan, sanalandidwe kanthu, wangopatsidwa kumene udindo wina wa Cawdor. Iye yekha, akulankhula payekha, akuvomera kuti Duncan ndi m'bale wake, ndi mfumu yake, ndi mlendo wake, ndipo palibe chimene chikumukankha kupatula mtima wofuna ukulu. Onaninso kuti mfiti zija sizinamuuze kuti aphe munthu. Zinangoti adzakhala mfumu. Ganizo la mpeni linachokera mwa iye mwini.

Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa yankho loti "anali wolakalaka udindo" limangofotokoza imfa imodzi yokha, ya Duncan. Zinazo zikuchokera kwina. Popha Duncan, Macbeth akunjenjemera. Anayamba wabwerera m'mbuyo mpaka mkazi wake atamunyoza kuti si mwamuna. Atapha akulephera kupemphera, akuiwala kusiya mipeni pamalo pake, ndipo akukana kubwereranso kuchipindako. Uyu ndi munthu amene chikumbumtima chake chidakali moyo.

Pofika pa Banquo, zinthu zasintha. Mpando ali nawo kale, palibenso choti alakelake. Chimene chikumudya tsopano ndi mantha, poti mfiti zinati ana a Banquo ndiwo adzakhale mafumu, ndipo Banquo anamva zonse zimene Macbeth anauzidwa. Ulendo uno safunsa mkazi wake, akumubisira. Sagwiranso mpeni yekha, akulemba aganyu, n'kuwanamiza kuti amene anawasaukitsa ndi Banquo. Patsogolo pake akuulula kuti m'nyumba ya nduna iliyonse ali ndi wantchito amene amamulipira kuti azimubweretsera nkhani. Mwaona? Wayamba kuphunzira ntchito yake.

Kenako banja la Macduff. Apa palibe phindu lililonse. Macduff wathawira kale ku England, mkazi wake ndi ana sakulimbirana ufumu ndi aliyense. Akuphedwa chifukwa Macbeth wapsa mtima ndipo mphamvu zochitira zimenezo ali nazo. Palibe kukangana ndi mtima wake ngati poyamba paja, akungolamula basi. Ndiye pamene akudzauzidwa kuti mkazi wake wamwalira, mayi amene poyamba ankamulembera kalata yachikondi, misozi palibe. Akungolankhula zoti moyo ndi wopanda tanthauzo. Kwa ine, chivundi cha Macbeth chili apa: mlandu uliwonse ukumupepukira kuposa wapitawo, pamene chifukwa chake chikunka chicheperachepera.

Lady Macbeth akuyenda ulendo womwewo koma chobwerera. Poyamba ndiye wolimba, wokonza pulani, woledzeretsa alonda, wonena kuti timadzi pang'ono tichotsa magaziwo. Komabe ngakhale usiku womwewo akuvomera kuti akanapha yekha Duncan akanapanda kufanana ndi bambo ake ali m'tulo. Ufumu umene anauvutikira utabwera, ukumulanda mwamuna. Safunsidwanso nzeru. Tikudzamuona komaliza akuyenda ali m'tulo, akupukuta m'manja, akutchula za mkazi wa Macduff, imfa imene iye sanaikonze n'komwe. Ambiri m'kalasi tinkamuda mayiyu kuposa mwamuna wake. Ine pano ndimaona kuti iyeyo ndiye anatsala ndi umunthu wokwanira kumudwalitsa.

Koma munthu amene amandivutitsa maganizo kwambiri ndi Banquo. Kwa Holinshed, Banquo anathandiza nawo kupha Duncan. Shakespeare sakanalemba zimenezo, chifukwa banja la James, la Stuart, linkati linachokera mwa Banquo (akatswiri a mbiri masiku ano amati munthuyu sanakhaleko n'komwe). Ndiye anamuchapa kuti ayere. Komatu sanamuyeretse yense. Macbeth atalowa ufumu, Banquo akunena yekha kuti akumukayikira kuti waupeza mwachinyengo. Ndiye akutani? Akukhala chete, akuganizira zoti ngati mfiti zanena zoona kwa Macbeth, mwina za ana ake zichitikanso. Sanaphe munthu, eya, koma chiyembekezo chodya nawo chamutseka pakamwa. Ndipo si yekha. Nduna zina zikukayika, koma kuphwando la mfumu yatsopano zikupita n'kukhala patebulo.

Ngakhale Macduff, ngwazi yathu ija, ali ndi pake. Mukukumbuka pamene Malcolm akumuyesa ku England, akudzinamizira kuti ndi wachimasomaso ndiponso wadyera? Macduff sakukana msanga. Akuti akazi ofuna mfumu m'dzikomo alipo ambiri, ndipo chuma cha Scotland n'chokwanira kukhutitsa dyeralo. Akudzakana pokhapokha Malcolm atanena kuti alibe khalidwe labwino ngakhale limodzi. Munthu wolungama wafika povomera mfumu yoipa, bola ichotse imene ilipoyo. Gawo limeneli ambiri tinkalidumpha poti ndi lalitali, koma mukapeza bukulo kaliwerengeninso.

Seweroli likuthera pabwino: mutu wa Macbeth uli m'manja mwa Macduff, Malcolm akuitanira anthu ku Scone kukamulonga ufumu, ndipo woonera akupita kwawo mtima uli m'malo. James ayenera kuti anakondwa. M'mbiri yeniyeni sizinathe choncho. Macbeth atafa mu 1057, amene analongedwa ufumu anali Lulach, mwana wa Gruoch uja. Anangokhala miyezi yochepa, ndipo mu Malichi 1058 anaphedwa, Malcolm n'kutenga mpando. Malcolm analamulira zaka 35 mpaka anafera kunkhondo ku England mu 1093.

Nanga Donalbain mukumukumbuka, mng'ono wake wa Malcolm, amene m'sewero anathawira ku Ireland osaonekanso? Malcolm atangofa, iyeyu anatenga ufumu, ana a mkulu wake n'kutsala padera. Mu 1094 mwana wa Malcolm, Duncan II, anamuchotsa, koma chaka chisanathe nayenso anaphedwa ndipo Donalbain anabwerera pampando. Mu 1097 mwana wina wa Malcolm, Edgar, anabwera ndi asilikali ochokera ku England n'kumuchotsanso. Olemba mbiri akale amati pambuyo pake mkuluyu anam'kolowola maso, ndipo anafera m'ndende.