Mlatho wa ku Lodi, Pomwe Napoleon Anayambira Kudzimva

Mlathowo unali wamatabwa, wopapatiza, wotalika mamita pafupifupi 180, pa mtsinje wa Adda m'tauni ya Lodi kumpoto kwa Italy. Kutsidya, asilikali a Austria anali atatchera mizinga yoloza pamlathopo. Munthu wamutu wake sakanapondapo. Koma madzulo a pa 10 May 1796, asilikali a France anapondapo.

Mtsogoleri wawo anali Napoleon Bonaparte, wa zaka 26 zokha. Anali atangogonjetsa ufumu wa Piedmont, n'kuwoloka mtsinje wa Po pa Piacenza pofuna kutsekera njira mkulu wa asilikali a Austria, Johann Beaulieu, gogo wa zaka 70. Mkuluyo anamuzemba. Pa Lodi anangosiyapo gulu lotchinga kumbuyo, asilikali osapitirira 10,000 motsogozedwa ndi Sebottendorf.

Napoleon anatuma apakavalo kukafuna powolokera kumtunda kwa mtsinje, iye n'kumayendera mizinga yake, ina n'kumailozetsa ndi manja ake, ntchito ya msilikali wamba. Kenako analamula oyenda pansi kuti athamangire pamlatho. Atafika chapakati, zipolopolo zinawagwera ngati matalala. Apatsogolo anagwa, otsatira anaima njii. Apa ndi pamene akuluakulu, Masséna, Berthier, Lannes, Cervoni ndi Dallemagne, anadumphira kutsogolo n'kuwakoka anyamatawo. Ena anatsetsereka pamizati ya mlatho, napeza kuti chakutsidyako madzi ndi osaya, ndipo anayenda m'madzimo akuwomba mfuti. Asilikali a Austria, otopa kale ndi ulendo, anathawa n'kusiya mizinga.

Tinene zoona, nkhondoyi inalibe phindu lalikulu. Gulu lenileni la Beaulieu linali litapita kale, ndipo otsalawo akanachokapo okha. Anthu mazanamazana anafera mlatho umene mawa lake ukanawolokedwa mwaulere.

Chimene chinapindula ndi dzina la Napoleon. Asilikali anamuona ali pakati pa utsi ndipo anayamba kumukhulupirira, malipoti ake opita ku Paris anaikometsera nkhaniyo, ndipo pa 15 May analowa mumzinda wa Milan. Ali pa ukaidi pachilumba cha Saint Helena, iye mwini anaulula kuti ndi pa Lodi pomwe anayamba kudziona ngati munthu woposa anzake. Patangotha zaka zitatu ndi theka chiwolokereni mlathowo, analanda boma la France.