Makalata a pa Lamya ndi Gombe la Mbamba Bay

Kwa zaka zambiri, nkhani za kutsidya zinkafika ku Mbamba Bay pa tsiku la sitima. Ilala ikanyamuka ku Nkhata Bay n'kuwoloka nyanja, anthu a kugombe la Tanzania ankalandira alendo, katundu ndi mauthenga nthawi imodzi, n'kuyambanso kudikira ulendo wina. Makalata oyamba a pa kompyuta m'maiko ozungulira nyanjayi anayendanso chimodzimodzi: kuunjika, kudikira, kenako kunyamuka onse pamodzi.

Njira yake inali Fidonet. Kompyuta ya pa sukulu ya ukachenjede inkasunga makalata a anthu ambiri n'kuwapanikiza kukhala mtolo umodzi. Ola loikika likakwana, modemu inkasandutsa mtolowo kukhala kaphokoso koyenda pa waya wa lamya wamba. Makina awiri ankapatsana mitolo kwa mphindi zowerengeka, basi n'kudula. Nzeru yonse inagona pa kudulako, pakuti lamya inkalipiridwa pa mphindi, ndipo waya wobwereka wotseguka usana ndi usiku unali wa mabungwe a thumba lalikulu okha. Ngakhale ma router atafika, ena ankatcheredwa kuti aziimbira anzawo pokhapokha pali chotumiza.

Mu 1991 University of Zambia inayamba kutumiza makalata motere kudzera ku Rhodes University ya ku South Africa, ndipo mu 1994 ZAMNET inalumikiza Lusaka ku intaneti yeniyeni pa waya wobwereka wopita ku Cape Town. Ku Malawi, Fidonet inazika mizu ku Chancellor College mu Zomba, m'manja mwa Dr Paulos Nyirenda, MalawiNet isanatsegule khomo la intaneti mu 1997. Ku Dar es Salaam, madokotala a ku Muhimbili ankadalira HealthNet.

Maina onsewa ndi a m'mizinda, ndipo sizinangochitika mwangozi. Njira imene olemba mbiri amaitama kuti inali yotsika mtengo inali yotero kwa yekhayo amene anali kale ndi waya wa lamya wosasokosera, magetsi odalirika ndi kompyuta. M'midzi ya asodzi ya kufupi ndi Liuli kapena Lituhi, kuseri kwa mapiri a Amatengo, zitatuzi sizinkapezeka chisawawa.

Pamene boma la Nyasa linkapatulidwa ku Mbinga mu 2012, likulu lake n'kukhala Mbamba Bay, nyengo ya modemu yoimba inali itatha kale. Ambiri a m'mbali mwa nyanjayi anakumana ndi intaneti koyamba pa foni ya m'manja, kulira kwa modemu asanakumvepo n'kamodzi komwe.