Matenda oiwala a okalamba: zimene mabanja a ku Katete ayenera kudziwa

Nkhalamba ikapezeka m'bandakuca pakhomo la eni, yosavala bwino ndiponso yosadziwa njira ya kwawo, ambiri amathamangira kunena kuti ndi mfiti yomwe yagwa paulendo wa usiku. Kawirikawiri munthu wotere amakhala akudwala dementia, matenda amene amaononga ubongo pang'onopang'ono.

Wodwala amayamba ndi kuiwala zimene zacitika posacedwa, pamene za ubwana wake amazikumbukira bwino. Amafunsa funso limodzi kangapo, amakana kuti sanadye nsima mbale zikali pansi, ndipo pambuyo pake amalephera kuzindikira ngakhale ana ake. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linati m'caka ca 2021 anthu 57 miliyoni anali ndi matendawa. Mtundu wofala kwambiri ndi wa Alzheimer, koma ena amadwala cifukwa ca sitiroko, imene nthawi zambiri imabwera ndi BP.

Mankhwala ocizira dementia kulibe. Komabe kupita ku cipatala si kutaya nthawi, pakuti kuiwala kwina kumayamba ndi matenda amene ali ndi cithandizo, monga cindoko, HIV ndi kusowa vitamini B12. Anthu a m'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi ayenera kuyambira ku kiliniki ya pafupi, imene imatumiza odwala ku zipatala zazikulu monga St Francis ku Katete, cimene cinakhazikitsidwa mu 1948. Cipatala ca matenda a maganizo ca Chainama Hills cili ku Lusaka, ulendo wa makilomita pafupifupi 500, motero nchito yeniyeni yosamalira imagwera a pabanja, makamaka azimayi.

Apa ndi pamene pamafunika luso. Kukangana ndi wodwala kumangomuonjezera mantha. Ngati agogo afunsa za amuna awo amene anamwalira kalekale, ndi bwino kuceza nawo za malemuwo kusiyana ndi kuwauza za maliro tsiku ndi tsiku. Adye ndi kugona pa nthawi imodzimodzi, ndipo apatsidwe kanchito kamene manja anazolowera, monga kutongola cimanga. Kuwatsekera m'nyumba kapena kuwamanga cingwe ndi nkhanza, ngakhale ocita zimenezi amati n'kuwateteza.

Malamulo a Zambia ali kumbali ya wodwala. Lamulo la Witchcraft Act limaletsa kuchula munthu kuti ndi mfiti, ndipo la Mental Health Act la mu 2019 limateteza ufulu wa odwala maganizo. Katete ndi kumene boma linayesera mu 2007 kupereka ndalama kwa anthu a zaka 60 kupita m'tsogolo. Lero okalamba ovutika amathandizidwa kudzera mu Social Cash Transfer, koma wodwala amene sathanso kuwerenga ndalama amafunika wacibale wokhulupirika womusungira.

Banja liuze a mfumu ndi anansi za matendawa msanga, kuti akakumana ndi wodwalayo usiku amubweze kwawo.