Makoko a Nachesi ndi Kanyenyezi ka ku Guangxi: Anazikumanitsa Ndani?

M'masitolo a masiku ano mumapezeka timabotolo ta ufa wonunkhira wosakaniza makoko a zipatso za mtundu wa malalanje ndi anise. Otsatsa malonda amakonda kunena kuti imeneyi ndi nzeru yamakedzana ya ku China, yochokera kwa akuluakulu amene ankafuna kulinganiza makomedwe asanu m'chakudya chimodzi. Nkhaniyo ndi yokoma m'khutu, koma mabuku akale a ku China komweko sakuikhalira kumbuyo. N'zoona kuti kumwera kwa dzikolo, makamaka m'chigawo cha Guangdong, zinthu ziwirizi zimalowera limodzi mumphika: chenpi, amene ndi makoko ouma a nachesi osungidwa kwa zaka, ndi bajiao, kachipatso kouma kooneka ngati nyenyezi ya nsonga zisanu ndi zitatu, kamene pa msika wa kunja kamadziwika kuti star anise. Koma sizinabadwire pamodzi. Chimodzi chinatsogola ndi zaka mazanamazana, ndipo anazikumanitsa si wanzeru wa kunyumba ya mfumu kapena sing'anga ayi, koma wamalonda wa katundu wouma, mtsinje umene ankayendamo, ndi mphika wa nyama yosapsa msanga.

Makoko ndiwo aakulu. Cha m'ma 540, Jia Sixie, mkulu wina wa boma kumpoto kwa China, analemba buku la zaulimi ndi kasamalidwe ka chakudya lotchedwa Qimin Yaoshu. M'maphikidwe ake a nyama ndi nsomba, makoko a nachesi amabwera mobwerezabwereza, pambali pa jinja, anyezi ndi tsabola wa ku Sichuan. Chofunika kuchiona n'chakuti Jia ankalembera alimi a m'chigwa cha mtsinje wa Huang He, kumene chisanu chake sichilola manachesi kuchita bwino. Makoko amene ankawanenawo ankachokera kutali kumwera. Chipatso chathunthu chikanaolera m'njira, pamene khoko louma likhoza kukhala m'thumba miyezi ingapo n'kufika lili ndi fungo lake. Choncho kuyambira pachiyambi pomwe, chimene anthu a kumpoto ankachidziwa mumphika sichinali nachesi wamadzi koma katundu wa wamalonda. M'nyengo yomweyo katswiri wa mankhwala Tao Hongjing, amene anamwalira mu 536, anali atalemba kale kuti khoko lokhalitsa ndilo labwino kuposa latsopano. Za bajiao, m'maphikidwe a Jia mulibe.

Mtengo wa bajiao umamera m'mapiri a chinyontho a ku Guangxi, ku Yunnan ndi kumpoto kwa Vietnam, cha ku Lang Son. Suyoyola masamba, ndipo zipatso zake amathyola zisanakhwime n'kuziyanika mpaka zitafiira ndi kuuma gwaa. Madera amenewa anali kumalire kwenikweni kwa ufumu, kwawo kwa mitundu ina monga makolo a anthu a Chizhuang. Pamene akuluakulu a boma la Song amene anatumizidwa kumeneko analemba za kachipatsoka, anakalemba m'gulu la zachilendo za kutali. Fan Chengda, amene ankalamulira ali ku Guilin, anakatchula mu 1175. Zhou Qufei, m'buku lake la mu 1178 lotchedwa Lingwai Daida, anafotokoza kuti kamachokera m'madera a mitsinje ya Zuo ndi You, kuti fungo lake limafanana ndi la fennel ngakhale maonekedwe ndi osiyana, ndiponso kuti anthu ophunzira a m'kati mwa dziko ankakatafuna pang'ono akamamwa mowa. Munthu salemba chonchi za chinthu chimene amachiona kukhitchini kwawo tsiku ndi tsiku. Pakati pa Jia ndi Zhou pali zaka zoposa 600, ndipo zaka zonsezo makoko a nachesi ankagwira ntchito mumphika ali ndi anzake ena.

Tsono zinakumana bwanji? Mapu amayankha bwino kuposa nthano. Mitsinje ya Zuo ndi You imakumana pafupi ndi Nanning, madzi ake n'kulowera kum'mawa, kudutsa pa Wuzhou, n'kukhala mtsinje wa Xi Jiang umene umakathera m'chigwa chachikulu cha kufupi ndi Guangzhou. M'chigwa chomwecho, m'mbali mwa nthambi ina ya mtsinjewo, muli boma la Xinhui, kwawo kwa chenpi wotchuka kuposa onse. Nachesi wa kumeneko, wa mtundu wa chachi, salimidwa chifukwa cha mnofu wake, umene ndi wowawasa ndi wanjere zambiri, moti nthawi zambiri unkangotayidwa. Amalimira khoko. Amalicheka katatu n'kulisiya lolumikizana pansi ngati duwa la masamba atatu, kulitembenuza, kuliyanika padzuwa, n'kuliika m'matumba, ndipo chaka ndi chaka amalitulutsa kuti liwombedwenso dzuwa pofuna kuthamangitsa nkhungu ndi tizilombo. Lisanathe zaka zitatu, anthu a ku Xinhui salitcha chenpi. Li Shizhen, m'buku lake lalikulu la mankhwala la Bencao Gangmu limene linasindikizidwa mu 1596, anaika makoko a ku Guangdong patsogolo pa ena onse. Mu nthawi ya ufumu wa Qing, amalonda a ku Xinhui amene ankagulitsa zokupizira mphepo zolukidwa ndi masamba a kanjedza ankanyamulanso chenpi mpaka ku Chongqing ndi ku Chengdu. Katundu wawo yense anali wa khalidwe limodzi: wopepuka, wouma, wosaola. Bajiao wotsika ndi mtsinje anali wa khalidwe lomwelo, ndipo n'chifukwa chake anakathera m'masitolo amodzi ndi makoko, pa sikelo imodzi, kwa wogula mmodzi.

Kugulitsidwa pamodzi pakokha sikukanakwanira, pakanapanda mphika wozifuna zonse ziwiri. Mphikawo ndi wa msuzi umene Achikantoni, anthu a ku Guangdong, amautcha lou seoi: madzi, msuzi wa soya, mowa wa mpunga, shuga, jinja ndi kathumba kansalu komangiramo zonunkhira, zonse zikuwira pang'onopang'ono kwa maola ambiri. M'menemo mumalowa tsekwe, bakha, mang'ina a nkhumba, chidale cha ng'ombe ndi zam'mimba, nyama zamafuta ndi zafungo lamphamvu zimene moto wachangu sungazigonjetse. Msuziwo sautaya. Amausefa, kuuwiritsanso, kuwonjezeramo zimene zachepa, ndipo m'malo ena ogulitsira chakudya umakhala zaka. Anthu a ku Chaozhou ndi ku Shantou amadziwika ndi tsekwe wophikidwa chonchi. M'mphika wotere khoko laliwisi silingapirire, poti mafuta ake onunkhira amauluka msanga n'kusiya kuwawa kokha. Khoko lokhalitsa lataya kale ukali umenewo, ndipo limapereka fungo lofatsa ndi kuwawa pang'ono kumene kumadula mafuta m'kamwa. Wophika amayamba waliviika m'madzi n'kupala zoyera za m'kati mwake. Bajiao naye ndi wouma ngati khuni, amatulutsa fungo lake lotsekemera pang'onopang'ono, ndipo fungolo limakhala bwino m'mafuta ndi mu mowa kuposa m'madzi. Kamodzi kapena tiwiri timakwanira mphika wa banja, ukapyola apo nyama imamveka ngati mankhwala a chifuwa. Chimodzi chimakoka chakudya ku kutsekemera, chinzake chimachibweza. Ubale wawo unakhwimira pamoto wa maola ambiri, umene ufa wowaza pa nyama yowotcha suudziwa.

Okonda nthano ya makomedwe asanu adzaloza ufa wotchuka wa zonunkhira zisanu n'kunena kuti dzina lokha ndi umboni. N'zoona kuti chiwerengero cha zisanu chili ndi ulemu waukulu m'kaganizidwe ka ku China, ndipo makomedwe amawawerenga asanu: kuwawasa, kuwawa, kutsekemera, ukali wa tsabola ndi mchere. Koma tatsegulani ufawo muone. Nthawi zambiri mumakhala bajiao, clove, sinamoni wa ku China, tsabola wa ku Sichuan ndi njere za fennel. Chamchere mulibe, chowawasa chenicheni mulibe, ndipo bajiao ndi fennel zimabwereza fungo limodzi. Munthu wofuna kuimira makomedwe asanu sakanasankha motero. Clove nayenso kwawo ndi ku zilumba za Maluku, kutsidya kwa nyanja, anabwera ndi zombo. Ngakhale chiwerengerocho sichisungidwa: ena amaika zisanu ndi chimodzi, ena zisanu ndi ziwiri, ku Henan kuli ufa wa zonunkhira 13, ndipo kumwera chenpi ndi jinja wouma zimalowamo popanda wodandaula. Dzina linamatidwa pa chinthu chimene msika unali utasonkhanitsa kale.

Chotsutsa cholemera kuposa pamenepa ndi cha asing'anga. Ku China khoma la pakati pa khitchini ndi sitolo ya mankhwala ndi lalifupi, ndipo chenpi ndi mankhwala enieni m'mabuku awo, a chifuwa cha makhololo ndi a m'mimba mosagaya bwino. Ali mu Erchen Tang, mankhwala otchuka a m'buku limene boma la Song linasindikiza, ndipo sitolo ya mankhwala ya Chen Li Ji, imene inayamba ku Guangzhou cha m'ma 1600, imadziwika ndi nkhokwe yake ya makoko akale. Palibe chifukwa chokanira kuti mwambo wosunga makoko zaka zambirimbiri, ndi mtengo wake wododometsa, zinakwezedwa ndi asing'anga. Amayi ambiri a ku Guangdong akamaponya khoko mu phala la nyemba zofiira zotsekemera amakhulupiriradi kuti likuthandiza m'mimba. Koma zimenezi zikufotokoza ulemu wa khoko lokha, osati kukumana kwake ndi bajiao. Zhou Qufei uja anaweruza kuti bajiao ndi wolusa kwambiri moti sayenera kulowa m'mankhwala. Analowa m'mabuku a asing'anga pambuyo pake, atayamba kale kudziwika pa chikho cha mowa. Makoko nawo anali mu nsomba ndi mu nyama za Jia Sixie m'zaka zomwezo zimene Tao Hongjing ankawalemba ngati mankhwala. Ophika sanadikire chilolezo cha sing'anga.

Ena angati kufufuza konseku n'kutaya nthawi: zinthuzi zimangogwirizana mwachibadwa, ndipo mphuno ya munthu kulikonse ikanazipeza. Ali ndi mfundo. Mafuta a anethole amene amanunkhiritsa bajiao alinso mu anise wa ku Mediterranean ndi mu fennel, ngakhale zomerazi sizili pachibale ndi mtengo wa ku Guangxi. Ku Sicily amadya malalanje odula pamodzi ndi fennel, ndipo ku Mexico buledi wa pan de muerto amamununkhiritsa ndi lalanje ndi anise. Komatu onsewa amagwiritsa ntchito chipatso chatsopano, m'chakudya chozizira kapena chotsekemera. Palibe amene amasunga khoko zaka zitatu kuti akaliphike ndi mang'ina mu msuzi wamchere. Mphuno imavomereza, koma siuza munthu choti aphike. Umboni wake uli pa bajiao yemweyo akatsata njira ina. Wa ku Lang Son, wotsikira ku Hanoi, mu msuzi wa pho amakumana ndi sinamoni ndi jinja wootcha, ndipo chowawasa chimabwera pa tebulo ngati ndimu yofinya nthawi yomweyo. Ku Ulaya bajiao anafika ndi woyenda panyanja Thomas Cavendish mu 1588, amene anamutenga ku Philippines, ndipo katswiri wa zomera Carolus Clusius anamufotokoza mu 1601. Anafika yekha, wopanda mphika wake, n'kukathera kwambiri m'mabotolo a zakumwa zaukali monga pastis wa ku France.

Kumene ziwirizi zinayenda limodzi, zinatengedwa ndi anthu. Xinhui ndi limodzi mwa maboma anayi oyandikana, pamodzi ndi Taishan, Kaiping ndi Enping, kumene kunachokera ambiri mwa Achitchaina amene anapita ku California m'zaka za m'ma 1800, ndipo timasitolo tawo ta kumeneko tinkagulitsa zouma zochokera kwawo. Koma kutali ndi kwawo khoko linayamba kusintha nkhope. Nkhuku ya lalanje imene wophika Andy Kao anapangira malo odyera a Panda Express mu 1987 ndi yokazinga, yonata ndi shuga, mdzukulu wakutali wa nyama ya chenpi ya ku Sichuan imene ndi youma, yakuda ndi yaukali. Msika umene unazikumanitsa ukuzigwedezabe mpaka pano. Matenda a huanglongbing, amene amasandutsa masamba kukhala achikasu n'kupha mitengo ya malalanje, anathandiza kugwetsa ulimi wa ku Xinhui m'zaka za m'ma 1990, usanadzukenso n'kutetezedwa ndi lamulo la dzina la malo mu 2006. Mu 2005, mantha a chimfine cha mbalame atakula, bajiao anasowa pa msika chifukwa kampani ya Roche inkatengamo asidi wa shikimic wopangira mankhwala a chimfine a Tamiflu.

Ufa wa m'botolo ndi mwana wotsiriza wa malonda amenewa, ndipo ndi umene umabisa zambiri. Fungo la zonunkhira zogaya limauluka m'miyezi yochepa. Mu ufa simungaone ngati khoko ndi la zaka zitatu kapena ndi ladzulo lodetsedwa dala kuti lioneke lakale, chinyengo chimene chafala chifukwa cha mtengo wa chenpi wa ku Xinhui. Simungasiyanitsenso bajiao ndi m'bale wake wa ku Japan, shikimi, amene ali ndi poizoni wogwira mitsempha. Mu 2003 bungwe la FDA la ku America linachenjeza anthu za tiyi wa star anise anthu ena, kuphatikizapo makanda, atadwala. Pa msika wa Qingping ku Guangzhou ndi pa msika waukulu wa zonunkhira wa ku Yulin, malonda amachitikabe pa zinthu zathunthu. Wogula khoko amaliyang'anitsa pa kuwala kuti aone timaso ta mafuta, amalikanda ndi chikhadabo n'kulinunkhiza, kenako n'kuyamba kunenerera mtengo.